Anatsata Msoko wa Juzi

Pamzere wodikira sitima yowolotsa anthu, m'mawa wina wozizira, mayi Gunvor, dzanja lili m'chikhakha, ankadandaulira bambo wina wachikulire amene sankadziwana naye.

"Chipatala chathuchi ayi ndithu, bambo. Jekete yanga yatsopano anaing'amba pakati ngati akutumbula nsomba."

"Inenso anandidulira, mayi. Juzi ndavalayi."

"Imeneyi? Bwanji sikuoneka kuti inadulidwa?"

"Ndinagwa padenga ndikuchotsa chipale chofewa, phewa n'kuguluka. Namwino atangotenga sizasi ndinamugwira dzanja. Ndinati, 'Mwanawe, bola udule mkono, juzi uisiye. Anandilukira ndi malemu mkazi wanga.'"

"Ndiye anakumverani?"

"Kudula anadula ndithu. Koma anagwada n'kumatsata msoko, ulusi umodziumodzi. Ine ndikubuula, iye akungoti, 'Pirirani agogo, tatsala pang'ono kufika m'khwapa.'"

"Nanga anakusokerani ndani?"

"Ndekha. Simukuona kukhota kwakeku?"

Mayi Gunvor anasisita msokowo ndi dzanja labwinolo.

"Yanga ija inali yogula m'sitolo. Nanga phewalo lili bwanji tsopano?"

"Likupwetekabe, mayi. Koma kuzizira silikumva."