A Manyowa Anapempha Dothi

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1956, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Ankanena okha kuti zambiri za m'kalasi zinatulukira khutu linalo, koma phunziro limodzi linakhazikika: loti kaboni, amene ali mu mpweya womwe timatulutsa popuma, satha ayi. Amangosamuka nyumba.

Mu 1975 analowa ntchito pa ng'anjo yowotchera miyala yopangira simenti. Tsiku lina akuphwanya mwala, anapezamo chigoba cha nkhono ya m'nyanja, pamalo poti panalibe ngakhale chithaphwi. Kapitawo anawauza kuti mwalawo kalekale unali tinyama ta m'nyanja, tomwe tinasunga kaboni m'zigoba zawo zomwe zinasanduka miyalayo, ndipo moto wa ng'anjo ndiwo unkamubwezera kumwamba. Fumbi la kumeneko ndi lomwe linayamba kuwadya m'chifuwa.

Anamanga banja ndi mayi athu mu 1981. Mu 1990 analembedwa ku nazale ya mitengo, komwe anapumira ntchito mu 2016. Dzina loti a Manyowa analitengera kumeneko. Makoko a zipatso, masamba oyoyoka, zitosi za nkhuku, zonse pamulu kuseri kwa nyumba. Aneba ambiri muli panonu munakanganapo nawo pa nkhani yowotcha zinyalala. Ankati mukutumiza chakudya cha nthaka kumwamba, kumene kulibe wanjala. Ankatinso mtengo umadya mpweya, mbuzi idya mtengo, ife tidya mbuzi, ndipo nthaka ikutidikira mosapupuluma.

Anayamba kubanika mu Januwale chaka chino. Mwana wawo wotsiriza, make khanda, amene walemba mbiriyi, ndiye ankawadikirira kuchipatala, diso lina pachifuwa cha bambo, lina pa mwana, kuopa kuti angatengere matenda a m'wodi. Tsiku lina akuwapukuta m'manja, malemu anamuuza kuti bokosi lidzakhale la matabwa wamba, ndipo manda asadzawakidwe. Anati simenti anaipuma yokwanira ali moyo. M'nthaka akufuna akagwireko ntchito. Iye anawapempha kuti asiye kulankhula zoopsa. Anatisiya pa 14 Meyi.

Mwana wotsirizayo anafikitsa mawuwo kwa achimwene ake, koma motsitsa, monga achitira wamng'ono. Achimwene, chifukwa chokonda bambo awo komanso kuopa pakamwa pa anthu, oti ana apantchito ataya kholo ngati chinyalala, anagula bokosi lachitsulo mukulionali, n'kuitana amisiri omanga. Palibe amene anachita ndi mtima woipa. Komabe tawalakwira.

Dzulo masana, make khanda uja, amene salola khanda lake kuwombedwa ngakhale ndi kamphepo, analibereka n'kupita nalo kumanda. Anapeza makoma atatha, amisiri akukanda simenti yapansi. Mawu anamuthawa, koma anaima m'mphepete mwa dzenjelo osasuntha mpaka wamkulu wa amisiri anamufunsa chomwe chavuta, n'kutula fosholo atamva pempho la bambo. Choncho mukasuzumira n'kuona dothi pansi, musati amisiri anathawa ntchito. Tikudziwa kuti chitsulo sichiwola msanga. Bambo adzafika kumene ankafuna, koma mochedwa, ndipo owachedwetsa ndife.

Malemu asiya mayi athu, ana anayi ndi adzukulu asanu ndi awiri. Tikuthokoza anamwino a m'wodi ya abambo, anzawo a ku nazale, aneba amene mwachezera nafe, ndi amisiri amene anamvera mayi woti sankatha n'kulankhula komwe.

Bambo, khomo takusiyirani lapansi lokha. Za makomawo mutikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere.