Mkamwini wa Mpira Wonga Dzira

Temwa, namwino wa ku Leeds, anakwera sitima kupita ku Middlesbrough kukauza amalume ake, a Lazarus, mkulu wa mpingo, kuti wapeza mwamuna. Anali atalumbira kuti sachoka m'nyumba mwawo mpaka avomere.

"Dzina lake ndi Mutiso, wa ku Kenya. Ndi katswiri wa rugby ya sevens."

"Ali mu Standade seveni?"

"Ayi, amalume! Amasewera asanu ndi awiri."

"Anzawo enawo anathawa?"

"Ndi malamulo ake! Taonani pafonipa. Wasewerapo ku Dubai, ku Hong Kong, nkhope yake ili pazikwangwani mu Nairobi monse."

"Akumufuna apolisi?"

"Amatsatsa mkaka!"

A Lazarus anavala magalasi, nkuyandikiza foniyo kumphuno.

"Iii, mpirawu anaukhalira ndani? Wangokhala ngati dzira. Ndipo akuthamanga nawo m'manja. Hendi imeneyo!"

"Amatero. Ali ndi ma try oposa handiredi."

"Chizungu ndimachimva, Temwa. Try ndi kuyesa. Wayesa kambirimbiri chonsecho, nanga anakhoza liti?"

"Try ndiye chigolicho!"

"Ndiye bwanji osangoti wagoletsa? Munthu wokana kunena zoona pa mpira, adzanena zoona pa banja?"

Temwa anakoka mpando.

"Mvetserani. Akagoletsa try, amapanga conversion."

A Lazarus anawomba m'manja. "Aleluya! Anatembenuka mtima! Mpingo wanji?"

"Si za kutchalitchi. Amachita zimenezo gemu iliyonse."

"Gemu iliyonse? Ndiye kuti pakati pa sabata amabwerera m'mbuyo."

"Chobwerera m'mbuyo ndi mpira! Amaponyerana cham'mbuyo."

"Akufuna kupita kuti?"

"Kutsogolo!"

"Mwana wa mlongo wanga, ukufuna ukwatiwe ndi munthu wopita kutsogolo cham'mbuyo?"

"Ndikwatiwa naye basi!"

"Nanga apa, bambo wa wezuloyu akumuthamangitsiranji?"

"Anagwetsa mnzake molakwika. Akupita ku sin bin."

Magalasi anagwera pamiyendo. "Bini ya machimo! Chimunthu chonsechi chimakwanamo?"

"Ndi benchi chabe! Akalakwa, amamuuza kuti chokapo, iye nkukakhala pamenepo mphindi ziwiri."

"Osatsutsa?"

"Osatsutsa."

"Osanena kuti nawenso dzana unatero?"

"Amangokhala duu, kenako nkubwerera kukagwira ntchito." Temwa anadzuka, misozi ili lengelenge, nanyamula chikwama. "Chabwino, kanani. Ndikapeza ankhoswe ena ku Hull."

A Lazarus anamugwira mkono, nasuzumira kukhitchini komwe akazi awo ankatsuka mbale, nkutsitsa mawu.

"Ndakana ndani? Ukwati tipange mwezi uno. Koma chonde, aanti ako asamve kuti amuna otere alipo, angandigulire benchi."