Anandinamizira ndi mnzanga wothamanga naye

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Nangozo wa ku Nsipe, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinaimitsidwira ntchito chifukwa cha bodza la munthu amene ndinkamutenga ngati mchemwali wanga.

Ndili ku koleji ndinkathamanga mamita 800, ndipo panalibe mtsikana wondipitirira. Wachiwiri nthawi zambiri ankakhala Esinati. Tinkagona chipinda chimodzi, tinkabwerekana nsapato zothamangira, ndipo bondo langa litavulala mpaka kusiya mipikisano, ndi iyeyo amene anandidikirira kuchipatala. Choncho nditapeza ntchito yophunzitsa zamasewero pa sekondale ina kuno ku Ntcheu, ndinachonderera ahedi kuti amulembe ntchito azindithandiza.

Tinali ndi mtsikana wina waliwiro, Tadala, wochokera cha ku Nzama. Ndinayamba kumuphunzitsa ali fomu wani, akuthamanga wopanda nsapato. Atasankhidwa kupita ku mpikisano wa dziko lonse, ahedi anandiitanitsa ku ofesi. Patebulo panali kalata yonena kuti ndinachepetsa zaka za mwanayo kuti apikisane ndi ana aang'ono. Inalibe dzina, koma kalembedwe ka Esinati ndimakadziwa, poti notsi zake ndinkakopera ku koleji.

Ndinaimitsidwa tsiku lomwelo, Tadala n'kuchotsedwa pa mndandanda. Potuluka ndinapeza Esinati pabwalo, wezulo yanga ili kale m'khosi mwake.

"Achemwali, ndinakulakwirani chiyani?" ndinamufunsa.

Sanandiyang'ane n'komwe. Anangoti, "Mwakhala patsogolo mokwanira inu."

Ndinabwerera kwathu, n'kumathandiza mayi anga kugulitsa tomato pamsewu. Minibasi ikaima ndinkazolika, kuopa kuti mwina muli makolo a ophunzira anga. Ntchito sinkandiwawa kwambiri ayi. Chinkandiwawa n'chakuti Esinatiyo ndinamutsegulira chitseko ndi manja anga. Kupemphera kunandikanika, moti ndinkangoti, "Ambuye, mukudziwa ndinu."

Tsiku lina masana m'minibasi munatsika bambo wachikulire atanyamula kabokosi kachitsulo, akufunsa za ine. Anali a Jere, agogo ake a Tadala, amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni. Mwanayo ankawabisira nkhaniyi chifukwa cha manyazi, mpaka iwo anadabwa kumuona wasiya kuthamanga.

"Mayi, ku Joni ndinaphunzira kusunga mapepala," anatero. "Tiyeni kusukuluko."

M'kabokosimo munali khadi la ku sikelo la Tadala ndi chiphaso chake cha ubatizo. Anaziyala pamaso pa ahedi ndi akomiti ya sukulu, ndipo tsiku lobadwa linali lomwe lija ndinalemba ine. Ahedi anandipepesa, Lolemba lake ndinabwerera pabwalo.

Koma mpikisano unali utadutsa kale, ndipo Tadala sanaupeze. Esinati anachoka pasukulupo osanditsanzika, mpaka lero sanandipepese.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mboni yomwe sindinkaidziwa, pa nthawi imene ine ndinali nditasowa mawu. Inu amene mwanamiziridwa ndi munthu wanuwanu, musataye mtima ndipo musabwezere. Pempherani ngakhale ndi mawu atatu okha, Iye amamva. Ine dzina langa analiyeretsa, koma mtima sunapole. Kukhululuka ndikuphunzirabe, ndiye mukamagwada muzinditchulako.