A Mwawaona Akupita, Ndowa Yatsopano Isanatuluke

Bwana wamkulu, akuluakulu a m'maofesi, mayi akunyumba ndi ana, anzanga a ku makina, moni nonse. Mundikhululukire ndikamadodoma powerenga. Sukulu ndinalekezera panjira, ndipo zolemba zangazi zikundivuta ndi mwiniwake yemwe.

Bambo tikutsanzikana nawowa ife timangoti a Mwawaona. Dzina lenileni amalidziwa ndi mayiwa.

Atangoyamba ntchito anajambula ndowa yokongola zedi. Titaiumba muno mufakitale, tonse tinaiyamikira. Anatengera imodzi kunyumba, mayi nawo anati ndi yabwino. Posakhalitsa anaipeza kuseri kwa nyumba, mayi atadzalamo maluwa. Chogwirira chake chinkacheka zala. Mayi, ndikunama?

Kuyambira pamenepo, chojambula chilichonse chikafika patebulo pawo, funso linali lomwelo: "Eni ake mwawaona akugwiritsa ntchito?" Ukati tinawafunsa, iwo ankapukusa mutu. Ankati munthu ukamupatsa chinthu n'kumufunsa, amayankha mwaulemu kuti chili bwino, ndiye iwe uziyang'ana manja ake. Ankatitenga ife a ku makina, ojambula, ngakhale bwana amene, kukakhala pakhonde la munthu n'kumaonerera akuchapa. Ine ndinkaopa agalu. Ndinkaopanso kuti atiyesa akuba zovala. Tsiku lina galu anatithamangitsadi. Bambowa akuthawa, uku akufunsabe mwini nyumba ngati ndowa imaterera ikanyowa.

Bambo, zikomo. Kale ndinkangodziwa pulasitiki ndi kutentha kwa makina. Lero ndikamaumba chogwirira ndimakumbukira mayi ena a nyamakazi amene tinakawaona, omwe ankanyamula ndowa yathu pamkono chifukwa zala zinkakana. Munatiphunzitsa osatikalipira. Kapumeni bwino. Koma mukapita kocheza kwa anzanu, musamakasuzumire kubafa kwawo. Tiwaombere m'manja!

Ndisanakhale pansi, bwana, pepani, pali chimene chikundisowetsa mtendere. Ndowa yatsopano ya chivundikiro ija ilowa m'makina mwezi wamawa, koma sinatulukepo pageti. Chivundikiro cha ndowa yachitsanzo ine ndimachitsegula ndi manja ouma, muno mufakitale. Sindikudziwa ngati mwana wa manja a sopo angachithe. Mwina ndi mantha anga chabe, mukundidziwa. Ndinafunsa kuti akaiyesa kwa anthu ndani, ndinayankhidwa kuti tikambirana. Mpaka pano sitinakambirane, ndipo Lolemba pampando wa bambowa padzakhala popanda munthu.