Palibe Anandidyetsa

Abusa, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni. Mukundidziwa, ine sindiyankhula pagulu. Masiku ano pakamwa pamapereka munthu. Koma izi ndinena.

Mimba inayamba kundipweteka chaka chatha, nthawi yokolola. Kudya pang'ono, ndakhuta, kenaka kusanza. Ndinaonda mpaka chitenje chinkandizungulira kawiri. Mumtima ndinati wina wandidyetsa. Ndinayang'ana pakhomo ponse, maso anakaima pa Nabanda, mkazi wa mwana wanga, amene tinamutenga chitengwa ku Mvera. Ndiye ankandiphikira. Sindinamufunse kanthu. Chakudya chake ndinkapatsa galu, ine n'kumadikira. Galuyo anangonenepa. Ndinati basi, mankhwalawo anawatchulira dzina langa. Ndinauza mwana wanga kuti amubweze kwawo. Nabanda anapita, mdzukulu wanga ali kumsana.

Mimba sinaleke.

Kuchipatala cha kuno anati ndi zilonda, anandipatsa mankhwala akumwa. Osasintha. Ananditumiza ku Lilongwe. Ndinamanga khadi la chipani pansonga ya chitenje, poti wopanda khadi samulola kukwera, n'kukwera basi. Kumeneko anandigoneka tulo, anang'amba, anadula kanyama ka m'mimba n'kukaika m'botolo, akuti akakapime kutsidya kwa nyanja. Inu amayi, nyama yanga kwa anthu osawadziwa! Ine amene tsitsi langa ndikameta ndimakwirira ndekha.

Panapita miyezi itatu asanandiitane. Adokotala anati ndi khansa yosaonekaoneka, dzina lake limfoma, yomera m'chifu ndi m'matumbo. Namwino ndiye ankamasulira. Ndinamufunsa, "Mwananga, munthu angakudyetse zimenezi?"

Anati, "Iyayi agogo, zimangomera zokha."

Ndinadikira pang'ono, n'kufunsanso, kuti ndione ngati asintha mawu. Sanasinthe.

Sindinalire. Mpaka lero sindinalire. Mankhwala ndikulandira, kaya athandiza, kaya ayi. M'kati muno muli zii.

Koma ku Mvera ndinapita. Ndinakagwada pamaso pa Nabanda ndi mayi ake. Nabanda anandiyang'ana, n'kungoti, "Mwatha, amayi." Patapita sabata anabwera yekha.

Ndi uyo wakhala pafupi ndi zenerayo. Musawerame, apongozi. Ambiri a inu munamva kwa ine, kuchitsime, kuti ndi mfiti. Ndinanama. Ndiye ndanenera pano kuti mumvenso kwa ine ndemwe.

Ndikuthokoza Mulungu kuti wandisunga mpaka ndanena zimenezi. Chimwemwecho ine sichinandifike. Kondwerani inuyo m'malo mwanga, abale. Wina ayambitse nyimbo, ine ndikhale pansi.