Atsegula Lachitatu

Pamzere wogula tchizi pamsika wa Loweruka ku Geneva, mayi wina wachikulire anaona chiphaso cha kuntchito pakhosi pa bambo amene anali kumbuyo kwake.

"Ndinu a kulabotale ya sayansi ya pansi pa nthaka ija eti? Kanthu kanu kakang'onong'ono kosaoneka ndi maso kaja mwakapeza?"

"Mwina, mayi. Zotsatira timazitsekera, sitiziona mpaka tsiku limene tinagwirizana, kuopa kudzinamiza."

"Zaka makumi awiri mukufunafuna pansi pa minda yathu, yankho lili m'manja, koma kusuzumira ayi? Koma ndiye sukulu munapitadi!"

"Ndi lamulo lathu. Titsegula Lachisanu."

"Nanga anzanu opikisana nawo a ku America aja?"

"Iwo atsegula Lachitatu."

"Oho! Ndiye dutsani, bambo, yambani ndinu kugula. Sabata ino mukhaleko oyamba penapake."