Bambo Lameki Chimwala ndi mabatire a ku Kapondo

Malemu bambo Lameki Chimwala, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 9 Ogasiti 1969 kuno ku Kapondo. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo anabatizidwa akadali khanda. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlamu wawo. Mundikhululukire ngati mawu angandithere panjira.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira konkuno. Mu 1985 anapita ku sekondale ku Boma, koma analekezera Fomu 2 bambo awo atamwalira. Chaka chotsatira anawoloka malire kupita ku Chipata, kumene amalume awo ankakonza mawailesi, ndipo ntchito ya magetsi anaiphunzira kumeneko.

Mu 1994 anamanga ukwati woyera ndi mchemwali wanga, mayi Esitele. Anatsegula kashopu kokonzera mawailesi ku Boma, ndipo sola itafika m'midzi, anabwerera kwawo kudzaika magetsi m'nyumba zathu. Ambiri mukukumbukira kuti sankalumikiza waya asanayeze ndi mita yawo. Ankatiuza kuti ukachulukitsa mavoloti ndi ma-ampu umapeza mawati, ndiye mphamvu imene chipangizo chikudya, ndipo ukagawa mavoloti ndi ma-ampu umapeza ma-omu, ndiye kukanira kumene magetsi akukumana nako podutsa. Munthu akabwera ndi kabatire kamodzi n'kumafuna firiji, ankamuseka kuti, "Achimwene, mwaphika kapu imodzi ya thobwa n'kuitana mudzi wonse." Mu 2011 mpingo unawasankha kukhala mkulu wa mpingo, ndipo anatumikira mokhulupirika.

Anayamba kudwala chifuwa mu 2021. Mu Novembala 2023 madokotala ananena kuti mapapo awonongeka kwambiri, ndipo kuti akhale kunyumba ayenera kukhala ndi makina othandizira kupuma. Abale tinawapeza makinawo. Titangofika nawo, malemu anapempha kuti awatembenuze aone kumbuyo. Panalembedwa mavoloti 230 ndi ampu imodzi ndi theka. Anawerengera ali chigonere n'kupeza mawati 345, ndipo anatiuza kuti batire ya mavoloti 12 izitulutsa pafupifupi ma-ampu 30 kuti makinawo ayende. Anati dzuwa likamawala zitheka, koma mitambo ikatseka tidzaone.

Kumapeto kwa Januwale chaka chino mvula ya mvumbi inayamba, ndipo dzuwa silinaoneke. Tinaganiza zowatengera ku Boma, koma mtsinje unadzaza n'kudula msewu. Galimoto imene tinaitana inaima tsidya lina, tikuiona. Apa ndi pamene inu anthu a ku Kapondo munachita chinthu chimene banja lino silidzaiwala. Munamasula mabatire m'nyumba zanu, omwewo anakulumikizirani malemu, n'kubwera nawo panjinga ndi pamutu, mvula ikukunyowetsani. Ife pofulumira tinawalumikiza ndi waya woonda wa wailesi, ndipo wayayo anatentha. Malemu anauza mwana wawo Tiyanjane kuti ayeze, ndipo zinapezeka kuti mavoloti awiri akuthera panjira. Anati amenewo ndi mawati 60 amene tikuwotcha pachabe, ndipo anatilozera pamene ankasunga waya wonenepa. Munthu wolephera kupuma anali kutiphunzitsabe.

Tinapemphera, abale. Tinakumbutsa Mulungu za mkazi wamasiye wa ku Zarefati, amene ufa ndi mafuta ake sizinathe. Koma mabatire amene munabweretsa nawonso anali atasowa dzuwa, ndipo anatha imodziimodzi. M'mawa wa Lachinayi, pa 1 Febuluwale 2024, malemu anafunsa Tiyanjane kuti mita ikuti chiyani. Mwana anafuna kubisa, koma bambo ake anamuuza kuti asaname pa nambala. Atamva, anawerengera ndi zala pachifuwa pawo, kenako anauza akazi awo kuti, "Amake Tiyanjane, musatumenso anthu kofuna mabatire. Itanani akwaya." Makina anazima masana, kwaya ili pakati pa nyimbo. Mayi Esitele anawakupiza ndi lichero, ife ena tinangoima manja ali lende. Panalibe chimene tikanachita. Anatisiya madzulo a tsiku lomwelo ali ndi zaka 54.

Malemu asiya akazi awo mayi Esitele, ana anayi, Tiyanjane, Gerald, Eneya ndi Eliza, adzukulu atatu, ndiponso achemwali awo awiri.

Banja likuthokoza abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, akwaya, adzukulu amene akonza manda, ndi anamwino amene anatilangiza pafoni msewu utaduka. Inu eni mabatire, tawandandalika pakhonde, ndipo aliyense atenge yake tikabwera kumanda. Tikukubwezerani opanda moto. Mutikhululukire, tinagwiritsa ntchito wonse. Mulungu, mwini mpweya wa anthu onse, akubwezereni zimene ife sitingathe.

Mzimu wa bambo Lameki Chimwala uuse mumtendere, kumene kupuma sikudikira dzuwa.